Kuziziritsa Kompyuta ya Mzime

Lolemba, 3 Febuluwale

Buku langa la mafiriji latulukanso m'kabati. Zaka zinayi lili chigonere, chisiyireni ntchito. Ndikunena ndine, akulemba ndi amayi akunyumba, monga kale. Sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, cholembera chimandithawa m'manja. Koma mawu ndi anga. Ndawauza: osawonjezera, osachotsa, osakometsa. Ndipo bukuli si la ana.

Nkhani ndi ya Mzime, mwana wathu wamkazi wotsiriza. Chithereni banja lake amakhala nafe. Ntchito yake kulumikiza mafilimu a maukwati pa kompyuta, m'chipinda chakumaso. Kompyuta ya zaka khumi ndi zitatu, bokosi lakuda, chivundikiro cha m'mbali chopindika. Ndi chokhacho anabwera nacho kuchokera kubanjako.

Lero wapeza ntchito yooneka. Sukulu ya anamwino: filimu yaitali ya mwambo wa omaliza maphunziro, ndi kafilimu ka wophunzira aliyense payekha. Ophunzira 60. Akufuna zonse Lachisanu pa 21, 12 koloko masana. Akakondwa nazo, ntchito zawo za chaka chonse n'zake.

Vuto makina. Akamaliza kudula ndi kulumikiza, kompyuta iyenera kuiphika filimuyo, ndi mmene amanenera iye. Kafilimu kamodzi maola anayi. Ndawerenga ndi zala, masiku sakukwana.

Mchimwene wake wamkulu waimba foni. Timamutcha Manijala, amayang'anira sitolo ya zipangizo zomangira kutali uko. Kalekale akufuna mlongo wake akakhale pa kauntala. Agwirizana okha awiri: ntchito iyi ikalephereka, Mzime atseka tebulo lake, pa 22 Manijala abwera ndi galimoto kudzamutenga. Kwa ine anati, "Madala, chinthucho n'chimodzimodzi inu, chagwira ntchito yake, chisiyeni chipume."

Ndamumva. Lembani kuti ndamumva.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Kumsika wa zamagetsi, ine ndi Mzime. Akuti ndinangopita kukagwira ambulera. Kuli bambo wina wa magalasi ochindikala, tebulo lake lodzaza zam'kati mwa makompyuta akufa. Amamutcha Dokotala.

Ndaphunzira zinthu. Bolodi ndi thabwa lobiriwira lija pamene zonse zimalumikizidwa. Pulosesa ndi kachitsulo kangati bisiketi, ndiko kamagwira ntchito yonse. Ka Mzime kali ndi mitu iwiri. Dokotala ali ndi ka mitu inayi, kogwirapo kale ntchito, ndipo wati kuposa kameneka bolodi yathu singanyamule.

Tagula. Ndalama yake inali ya nsapato za mvula za Mzime. Ayendabe ndi zong'ambikazo.

Dokotala wati kachitsuloka kangathe kuthamangitsidwa kupitirira liwiro limene anakaikira ku fakitale, koma kamatentha, ndipo kakatentha kamazima. Kenako anayamba kundifotokozera za kutentha. Ine. Zaka makumi anayi ndikuchotsa kutentha m'mafiriji a mabutchala, a mankhwala, ngakhale a mitembo. Ndinangomuyang'ana pamwamba pa magalasi akewo. Mzime anandikoka shati.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Dzulo lonse kusesa. Fani ya m'katimo inali itafunda bulangeti la fumbi. Ndapopa ndi pampu ya njinga, amayi akudandaula makatani awo.

Pafupi ndi pulosesa ndaona makapasita awiri, timigolo tosunga magetsi, otupa pamutu. Amenewo ndimawadziwa, m'mafiriji alimo akuluakulu. Mzime tochi, ine chowotcherera. Asinthidwa.

Asanachotse kachitsulo kakale, anayamba waika pulogalamu yatsopano mu bolodi kuti ikazindikire katsopanoko. Anati magetsi akazima pa mphindi zitatu zimenezo, bolodi yafa. Tinaima tonse atatu ngati pa manda. Sanazime.

Pali mafuta otuwa opaka pakati pa pulosesa ndi chitsulo choziziritsa. Ine ndimafuna kupaka ngati majarini pa buledi. Wati kadontho kokha, ngati njere ya mpunga. Ndamvera.

Yayaka. Kafilimu kamodzi ola limodzi ndi mphindi 50. Bwinoko, koma akuti pamene ikuphika sangadule zina, ndiye masiku akadali othina.

Loweruka, 8 Febuluwale

Mzime wayamba kukweza liwiro la pulosesa. Ikangoyaka amadina batani lina, n'kulowa pa tsamba lodzaza manambala. Fakitale inaika 2.8. Wakweza 3.0, kuyesa. 3.2, kuyesa. Pa 3.4 inafuna kuwonjezeredwa mphamvu ya magetsi pang'ono, ngati munthu wokwera chitunda ndi katundu. Ola ndi mphindi 25.

Koma kutentha. Pakona pa sikirini pali nambala yake: 78, 85, 91, kenako zii, yazima. Kafilimu ka mtsikana mmodzi katatu konse, kakufera pakati iye akulandira pepala lake.

Ndinaika dzanja kumbuyo kwa bokosi. Mpweya wotentha sukutuluka, ukungozungulira momwemo. Amene anapanga bokosili sanakonzepo firiji. Ndadula chitini cha mafuta ophikira, ndapinda ngalande yochokera pa fani ya pulosesa mpaka kunja. Chivundikiro chopindika chija ndachiboola, ndamangirirapo fani yaikulu ya firiji ya m'sitolo, inali m'shedi. Phokoso ngati chigayo. Nambala yatsika, 72, yakhazikika pomwepo mpaka madzulo.

Chala chachekedwa ndi lata, si kanthu.

Mzime wandigwira paphewa. Chibwerereni sanachitepo.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Manijala pa foni, Mzime wamuonetsa makina pa kamera. Waseka mpaka kutsokomola. "Mwamanga khola la nkhuku kapena kompyuta?" Mkazi wake naye kuseka kumbuyo. Watinso mpando wa pa kauntala wagula kale, wozungulira, wotsamira.

Mzime akuti 3.4 yakwana, masiku akwana, tisakhudzenso. Tifilimu 9 tatha.

Ine 72 sikundisangalatsa. Firiji iliyonse yochoka m'manja mwanga inkafika pansi pa ziro. Dokotala ananena kuti ena amafikitsa kachitsulo kameneka pa 4.0 akakaziziritsa bwino. Ena ake ati? Ali ndi manja angati?

M'shedi muli kompuresa yaing'ono yabwinobwino, mtima wa firiji, paipi ya kopa, gasi theka la botolo.

Amayi asiya kulemba, akundiyang'ana. Lembani, inu.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Masiku awiri m'shedi. Kachidutswa ka kopa kochindikala, kokakhala pamwamba pa pulosesa, ndakaboola njira m'kati, ndawotchererapo paipi, ndakapala ndi sandipepala mpaka kuonamo nkhope. Nditapopa mpweya, geji yoyezera mpweyawo sinasunthe, palibe podontha. Zaka zinayi osagwira, manja sanaiwale. Paipi yonse ndaikulunga siponji yakuda, chifukwa paipi yozizira imatuluka thukuta, zimenezo ngakhale wophunzira wa sabata imodzi amadziwa.

Mzime sanafune. Anati, "Ababa, ikuyenda bwino, tiisiye." Ndinamufunsa ngati m'nyumba muno alipo amene angandiphunzitse zoziziritsa. Anachotsa yekha fani ndi ngalande.

Tayatsa masana. Pamene pankalembedwa 72, lero 4. Folo. Ikamaphika 19. Wakweza 3.8, kenako 4.0. Yakhazikika. Kafilimu ola ndi mphindi 10. Ndamuuza atumize chithunzi cha nambalayo kwa Manijala. Sanayankhe. Asayankhe.

Mvula tsiku lonse. Zovala sizikuuma, mchere wanyowa m'botolo. Mayunitsi a magetsi akuthamanga ngati ali ndi miyendo, amayi akuti tisiye kusita.

Tifilimu 21.

Lachitatu, 12 Febuluwale

4.0 tsiku lachiwiri. Ndavala jekete kupita kukamuuza Dokotala. Anavula magalasi. Anayamba kufunsa china chake, za kuseri kwa bolodi, koma basi inali itafika ndipo ine ndinali nditanena zimene ndinapitira.

Mvula yomweyo.

Loweruka, 15 Febuluwale

Lachinayi cha m'ma 10 m'mawa kompyuta inazima. Magetsi ndi amene anabwera mwamphamvu

Amayi aika cholembera pansi. Akuti zimenezo salemba. Takangana. Akuti zaka makumi anayi alemba firiji iliyonse imene ndinakonza ndi iliyonse imene ndinaononga, bodza sanalembepo m'buku muno, sayamba lero. Ndati buku ndi langa. Ati ndiye ndilembe ndekha.

Chabwino. Lembani.

Magetsi analibe mlandu. Kunamveka kaphokoso kakang'ono, kenako kafungo ka waya. Titachotsa bolodi, kuseri kwake madzi. Timadontho tili ndandanda ngati pa botolo longotuluka mu firiji. Paipi ndinaikulunga, inde. Koma kuzizira kunadutsa pa kachitsulo, kunalowa mu bolodi yeniyeniyo, n'kukatulukira kuseri kumene sindinayang'ane. Mpweya wa mvula unafikapo n'kusanduka madzi. Mu firiji madzi amenewo ali ndi njira yake, amatsikira m'kambale kumbuyo, palibe amawaganizira. Ine ndinamanga firiji. Sindinakumbuke kuti m'kati mwake simuli nyama.

Masiku awiri sindinafune buku.

Mzime sanalire, sanakalipe. Anangochotsa chosungira mafilimu, n'kuchikulunga m'nsalu. Tifilimu 31 tatha, tili bwino momwemo. Totsala 29, ndi yaitali ija. Dokotala alibe bolodi ina ya mtundu umenewu, akuti zinatha kalekale. Makompyuta obwereketsa pa ola kumsika sangathe pulogalamu yake. Yatsopano tisanene n'komwe.

Dzulo ndinamuona akutsitsa sutikesi pamwamba pa kabati.

Sindinagonje. Chinthu chonyowa si chinthu chakufa. Bolodi ndaitsuka ndi sipiriti ndi mswachi wofewa, ndachotsa kabatire kake, ndaiika m'katoni pamodzi ndi babu loyaka ndi kafani. Kutentha kwa thupi la munthu basi. Pali malo amodzi akuda, kukula ngati chikhadabo, pafupi ndi mipata ya memore, timitengo timene kompyuta imakumbukirapo zimene ikugwira. Osaikhudza mpaka Lolemba. Mafiriji omizidwa ndi madzi osefukira ndinkawadzutsa chonchi. Amene ankafa ndi amene eni ake anafulumira kuyatsa.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Manijala wamva kuti makina azima. Mzime sanamuuze chifukwa. Ndimayembekeza kuseka, sanaseke. Wati mwaulemu, "Musadandaule madala, zinthu zakale zimatero, Loweruka ndifika m'mawa." Ngati akupepesa maliro. Ine sindinamukonze.

Masana Mzime anabwera m'shedi, n'kukhala pa chitini cha penti. Anati Lachitatu, ine ndili kwa Dokotala, anaona pansi pa bokosi panyowa. Anapukuta. Lachinayi m'mawa anaonanso, anapukutanso. Ndinamufunsa bwanji sananene. Anati, "Ababa, munafunsa ngati m'nyumba muno alipo angakuphunzitseni zoziziritsa."

Ndinayamba kuchita ngati ndikufunafuna sipanala.

Munthu wa zaka 31, wodziwa manambala amene ine sindingawerenge, kumapukuta madzi mwakachetechete, ntchito yake ikumira, kuopa bambo ake. Amayi akuti nawonso anaona kansalu konyowa pa tebulo. Nyumba yonse inaona.

Lekani pomwepo lero.

Lolemba, 17 Febuluwale

Ndamuitana Mzime, ndamupatsa sikuludiraiva. Ndati amange yekha, ine ndigwira tochi. Kompuresa ndaibweza m'shedi ndekha, palibe anandiuza. Kadontho ka mafuta otuwa, fani, ngalande ya lata.

Batani. Fani yazungulira, sikirini bii. Kulira katatu, kupuma, katatunso. Mzime wati kulira kumeneko ndi memore. Mipata yake ilipo inayi, iwiri yoyandikana ndi malo akuda aja yafa. Wazula timitengo tiwiri, wasiya tiwiri. Batani. Kulira kamodzi. Zilembo.

Amayi anatuluka panja, akuti kukaanula zovala. Pa chingwe panalibe zovala.

Yadzuka, koma yolumala. Memore theka. Pa 3.4 ikukana, sikirini imasanduka ya buluu. Pa 3.2 yavomera. Ola ndi mphindi 45. Wawerenga papepala: zikwana ngati ikhala ikuphika usana ndi usiku, iye n'kumadula zina pa timipata.

Ndinatsegula pakamwa kunena za 3.3. Anandiyang'ana. Ndinatseka.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Ntchito yanga tsopano ndi nambala ya pakona. Ndimakhala pa mpando wa pulasitiki. Ikafika 75 nditsegule zenera, ikafika 78 ndimuitane Mzime. Wandipatsa yekha ntchitoyi. Ndamuuza kuti kuyambira pano akaona cholakwika, kaya ndi dontho, kaya ndine, anene. Wati, "Ndiye yambani n'kuchotsa kapu ya tiyi pa bokosipo." Ndachotsa.

Dzulo masana inazima pa kafilimu ka 44. Kunali kutha kwa mayunitsi basi, kompuresa yanga ija inadya ambiri. Amayi anathamanga ndi ndalama ya ndiwo. Ola ndi theka latayika.

Nkhope za anamwinowa ndikuzidziwa tsopano. Wina amayenda ngati nsapato zikumuluma. Wina bambo ake anavina pamaso pa akuluakulu ndi chipewa m'manja, Mzime amafuna kudula, ndati asiye. Wasiya.

Msana ukuwawa. Lero tifilimu 52 tatha.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Tifilimu 60 tinatha dzulo masana. Yaitali inalowa madzulo, imafuna maola 15.

M'mawa uno dzuwa latuluka koyamba pa sabata ziwiri, ndipo chipinda chakumaso chimalandira lonse. Nambala ya pakona 76, 79, 82, filimu ili pa 90 mwa 100. Ikazima, kuyambiranso pa ziro. Mzime anati, "Ababa, chitanipo kanthu, koma chouma." Ndinakhoma bulangeti kunja kwa zenera la dzuwa, ndinatsegula lina, ndinazula chitseko pa mahinji, fani ya pabalaza ndinaimika pakhomo. Amayi anaima ndi katoni kumakupiza, ngakhale ndinawauza kuti sizithandiza. 80, 78, 77. Inatha 11 koloko itadutsa.

Kukopera kwadya ola. Mzime wafika kusukuluko mochedwa ndi mphindi 40. Mayi wa mu ofesi walandira, osamwetulira, wati aonera Lolemba ndi akuluakulu kenako ayankha. Wapezanso dzina limodzi lolembedwa molakwika, akufuna kafilimuko kakonzedwe mawa.

Ndiye yankho palibe. Manijala pa foni akuti kuchedwa ndi kulephera, makina akale amuchititsa manyazi mlongo wake, pangano ndi pangano. Mzime wagona masana pa sofa, nsapato zili kumapazi.

Chitseko chikadali chotsamira khoma. Mawa.

Loweruka, 22 Febuluwale

Mzime wadzuka m'mawa, wayatsa makina, akukonza dzina lija. 3.2, nambala 70.

Ndinamupititsira tiyi, ndinaika pansi, kutali ndi bokosi. Wanena yekha, maso ali pa sikirini, kuti sapita. Kaya sukulu ivomera Lolemba kaya ikana, ntchito waimaliza pa tebulo lake, ndipo pali ukwati wa mwezi wamawa umene anakana poopa makina, awaimbira foni eni ake lero. Kenako anatembenuka. Anati, "Achimwene akafika muwauze ndili pa ntchito. Koma muwauzenso amene ananyowetsa bolodi, asamayende n'kumati makina anga ndi amene analephera."

Ndafunsa ngati sizingadikire kuti Manijala amwe kaye tiyi. Wati ayi.

Chabwino. Ndimuuza. Ndimuuza pageti pomwepo, ndili chiimire, asanazimitse galimoto. Kuti chinthu chakalecho chinanyamula mitu inayi, chinathamanga kuposa mmene anachipangira, chinamizidwa n'kudzuka, ndipo masiku anayi amene anatayika anawataya ndi bambo ake, ndi paipi ya kopa yowotcherera bwino kwambiri. Akafuna kuseka aseke ine. Mpando wake wozungulirawo akhalepo yekha.

Hutala panja. Kawiri, ngati pakhomo pano ndi pasitolo pake.

Jekete langa lili kuti? Ikani cholembera, amayi, zotsalazo mumva nokha pazenera.